Nkhwangwa pa mtengo wanga

Abambo akunyumba anali atakweza kale nkhwangwa kuti agwetse mtengo wanga wamaluwa. Ati mungu wake ndiwo ukuwatsokomoletsa.

"Taimani kaye, inu!" ndinatero.

Ine zokangana ndilibe nazo nthawi. Ndinaimbira mwana wathu wamkazi, amene amayendetsa makina a leza. Makinawo amaponya kuwala kumwamba, ndipo kukabwerera iye amadziwa zimene zikuuluka mumpweya.

"Amayi, mungu ndi fumbi zimapotoza kuwalako," anatero. "Sabata yonseyi kukubwerera kosapotoka. Umenewo ndi utsi wa moto wolusa, wochokera kutali."

"Akuti chiyani?" anafunsa abambowo.

"Akuti utsi."

Zakutalizo sindinanene. Ndinangoyang'anitsitsa ndudu imene abambowo anali ataipanika kukhutu.

Anatsitsa nkhwangwa akuseka. "Aaa, mayi, inetu ndimangofuna kusadza kanthambi kamodzi."