Maluwa a Lidia

Atamutsitsa pa machila, Lidia sanayang'ane khomo. Maso anathamangira m'mbali mwa nyumba, m'mene anafesa maluwa amene dona wa ku mishoni ya Kongwe anam'patsa. Miyezi iwiri ali chigonere ku mishoni, ankaopa khasu la mwamuna wake Elifala, amene chilichonse chosadyedwa ankachitcha udzu.

Panali thengo. Chisoso, khovani, ndipo pakati pake maluwa ofiira ndi achikasu, onse amoyo.

"Abambo, simunapalire?"

"Khasu ndinabwera nalo katatu, aNabanda," anatero Elifala akukanda m'mutu. "Sindinadziwe zanu ndi ziti. Ndinaopa kuzula tirigu pamodzi ndi namsongole. Ndinkangothirira zonse."

Lidia anaseka mpaka misozi, nagwada pomwepo.

"Ambuye, zikomo pondichiritsa, ndi pomanga manja a munthu uyu."