Njiri Wolowa Chafutambuyo

Padangokhalatu Nungu, mlonda wa nkhokwe ya nyama zonse, amene ankadzitama kuti pachipata pake sipadutsa ngakhale nyerere. Lamulo lake linali limodzi: aliyense wolowa anene mawu achinsinsi. Wotuluka sankamufunsa kanthu, poti wotuluka ndiye kuti ananena kale polowa. Nzerutu zimenezo!

Tsiku lina Gwape anaiwala liwu limodzi, ndipo Nungu anamuimitsira minga. "Ndikukudziwani, mayi, koma lamulo ndi lamulo. Bwererani." Gwape anabwerera chimanjamanja, ana akulira njala.

Njiri, amene mawuwo sankawadziwa n'komwe, anaonerera zonsezi. Paja njiri imalowa kuuna kwake chafutambuyo. Anafika pachipata, natembenuka, nayamba kulowa matako patsogolo, maso ali kunja.

Nungu anayang'ana nkhope, naona kuti yaloza kutchire. "Mukutuluka, achimwene? Muyende bwino."

"Zikomo, alonda. Ntchito mumaidziwa," anatero Njiri, akusunthirabe m'kati.

Potuluka ndi thumba kumsana, nkhope inalozanso kutchire. Nungu anakondwa kwambiri ndi ulemu wa mnzake wotsanzika kawiri.

Njiri ankachita zimenezi tsiku ndi tsiku. Chimanga cha m'nkhokwe chitatsika mpaka theka, nyama zinamuzinga Nungu, koma iye sanatekeseke. "Alipo amene waba mawu anga? Palibe! Komabe poti mwadandaula, ndikhwimitsa chitetezo."

Anawonjezeradi mawuwo mpaka anatalika ngati nyimbo ya pamaliro. Mpaka lero Gwape ali pamzere kuwaloweza, pamene Njiri wanenepa moti chipata chayamba kumuthina.