Tsiku Limene Chibakera Analowa M'laibulale

Mwala woyamba unalowa pawindo pamene Mayi a Mabuku ankalemba zilembo pabolodi. Galasi linamwazika pathebulo, ndipo amayi amene ankaphunzira kuwerenga anadzigwetsa pansi nthawi imodzi ndi ana awo omwe, osakuwa n'komwe. Anali anthu othawa nkhondo. Kudzigwetsa pansi sanachite kuphunzitsidwa.

Laibulaleyo inali ya zipinda ziwiri kuseri kwa msika, denga lodontha, mashelefu opendekeka. Eni dera ankabwera m'mawa kudzawerenga nyuzi ndi kutchaja mafoni. Koma dzuwa likapendeka mabenchi ankadzaza obwera: amayi ofuna kudziwa zolembedwa pabotolo la mankhwala a mwana, abambo ofuna kumva zimene apolisi amawafunsa pamsewu. Kwina konse ankawapirikitsa. Muno mokha ndi mmene ankalowa popanda wowafunsa kuti kwanu n'kuti. Woyang'anira malowo dzina lake linali litaiwalika kalekale. Aliyense ankangoti Mayi a Mabuku.

Mayi a Mabukuwo anasuzumira panja. Msewu unali thithithi, ena zibonga, ena njerwa. Patsogolo panali Chibakera, wogulitsa nyama mumsika, chitsulo m'manja, epuloni ya magazi ili chivalire. Sabata yonseyo ankakwera pangolo n'kumakuwa mpaka mawu kusasa: "Ine ndinabadwira pano! Agogo anga anabadwira pano! Awa atilanda ntchito, atibweretsera matenda!" Dzulo lake anali atathyola zala telala wina wa obwerawo, anthu akuombera m'manja.

"Nonse m'chipinda cha ana! Msanga!" anatero Mayi a Mabuku.

Anawakankhira mkati, natseka chitseko, n'kuima kutsogolo kwake. Panja mlonda, bambo wachikulire wotsimphina, anayesa kukoka geti. Njerwa inamupeza pachipumi. Anagwa ngati thumba, anthu n'kumamuponda podutsa.

Chitseko chachikulu sichinalimbe. Anakhamukira mkati akutukwana. Shelefu ina inagwa n'kugwetsa inzake, mabuku mbwee pansi. Wina anang'amba mabuku a zithunzi, wina ananyamula kompyuta imodzi yokhayo n'kuimenyetsa kukhoma. Fungo la petulo linayamba kumveka.

Chibakera anaima pamaso pa mayiyo, akupumira m'mwamba.

"Mayi, chokanipo. Sitinabwerere inu."

"Mwasochera, achimwene. Muno ndi mowerengera. Kopha nyama ndi kumsika uko."

Wina kumbuyo anaseka. Chibakera nkhope inachita mdima.

"Agalu anu aja mwawabisa kuti?"

"Muno mulibe agalu. Muli anthu akuphunzira, ndipo nthawi yawo sinathe."

Chibakera anamuomba khofi loti makutu analira. Mayi a Mabuku anagwada, magalasi atauluka, m'kamwa muli magazi. Anadzuka n'kugwira chogwirira chitseko ndi manja onse awiri. Mtima unkamuuza kuti athawe, koma kuseri kwa thabwalo ankamva khanda likulira, mayi ake akulitseka pakamwa.

"Mayi inu, ndati chokani!"

"Ndipheni kaye."

Chitsulo chinatera pamkono. Anamva fupa likuti thyo! Ululu unamukwera mpaka m'mutu. Amuna awiri anamukoka miyendo n'kumuponya pamulu wa mabuku. Ali chigonere pomwepo, anaona Chibakera akumenya chitseko theche, kenaka lina, mpaka chinang'ambika.

Mkatimo amayi anali ataunjikana pakona, kuseri kwa timipando ta ana. Ana anali pansi pa thebulo, maso ali tuzu.

"Tulukani!" anabangula Chibakera. "Lero mubwerera komwe munachokera, kaya wapansi kaya m'bokosi!"

Anagwira mtsikana amene anali pafupi, namukoka tsitsi n'kumuponyera kwa anzake. Anamenya thebulo ndi chitsulo, ana n'kubalalika akukuwa. Khamu linakankhana pakhomo, aliyense akufuna wake.

Apo m'pamene mayi wina wokalamba anaimirira. Anali watsopano m'kalasimo, wofika mwezi womwewo, wowonda, diso limodzi lakufa, ndipo pensulo ankaigwira ngati mpeni. Anzake anamukoka chovala kuti akhale pansi, iye anawasasa. Anayenda molunjika kwa Chibakera, khosi atalitambasula, akumuyang'anitsitsa kumaso ndi diso lotsalalo.

"Iwe ndiye uyamba," anatero Chibakera, nakweza chitsulo ndi manja awiri.

Mayi a Mabuku anadikira kumva mutu ukusweka.

Mayi wokalambayo anayankhula motsitsa, m'chinenero cha kwawo, mawu ochepa okhala ngati funso. Chitsulo chinaima m'mwamba. Anabwerezanso, natambasula dzanja n'kumukhudza patsaya.

"Menya, aise! Ukudikira chiyani?" anakuwa amene ananyamula chigubu cha petulo.

Chitsulo chinagwa pasimenti kuti ngwee! Kenaka Chibakera anayankha. Anayankha m'chinenero chomwecho cha obwera, chosalala, cha munthu amene anachiyamwa, mawu ake atachepa ngati a kamwana. Phokoso lonse linazima. Amuna a zibonga aja anayang'anana, kenaka pang'onopang'ono anatseka khomo, maso onse ali pamsana pa mtsogoleri wawo.

Chinenerocho Mayi a Mabuku sankachimva, koma liwu limene Chibakera ankalibwereza akulira ankalidziwa, poti ana ankalikuwa tsiku lililonse m'chipindamo. Linkatanthauza kuti, "Amayi."