Shati ndi Diresi Lake

Zipora ankachapa shati yachitenje ya mwamuna wake Weston pamene a Levison, telala wa ku Biwi, anasuzumira pampanda.

"Amake Dyna, diresi lija linakukwanani? Lomatcha ndi shati imeneyo. Abambo anati mukatchene mofanana ku ukwati."

Zipora anasiya kufikisa. Weston anali atamuuza kuti shatiyo ndi yunifomu ya kuntchito, ndipo diresi sanalionepo.

"Muyeso anakupatsani ndani?"

"Anabwera nawo okha. Anati ndisiye malo pamimba, poti muli…" A Levison anamuyang'ana pamimba. "Kapena ndasokoneza makasitomala."

Zipora anatseketsa kubereka kalekale, atangobadwa Dyna.

"Mwina," anatero.

Anakhuthulira botolo lonse la jiki m'beseni, napitiriza kufikisa, maluwa a shatiyo akuyamba kusuluka.