Mfundo ya pa Chitenje cha Safina

Mavis anali atamuchonderera kanayi mayi uja, ndipo kanayi konse mayiyo anangopukusa mutu n'kubisa mikono m'chitenje.

Pabedi lachitatu mu wodi ya ana panagona Yesaya, mwana wa mayiyo, wa zaka zinayi. Malungo anali atamumwa magazi. Zikhato mbee, milomo mbee, kupuma kwa befu. Mufiriji ya ku labu munalibe thumba la magazi ndi limodzi lomwe logwirizana naye, ndipo galimoto yobweretsa magazi inkayembekezeka Lolemba. Apa n'kuti lili Lachisanu masana. Mavis anali atagwira unamwino zaka zisanu ndi zinayi pachipatala chaching'ono ichi kumunsi kwa phiri la Zomba, ndipo ankadziwa kuti mwanayo Lolemba saliona.

Njira inali imodzi: wachibale apereke magazi. A Habibu a ku Songani, malume ake a mayiyo, anali atapinda kale malaya, koma ku labu anawabweza. Ukalamba, komanso magazi awo amathamanga. Anatsala ndi Safina yekha, mayi womubereka Yesaya, wooneka wathanzi lake ndithu. Ndiye ameneyo n'kumakana!

A Habibu anafotokoza mwamanyazi kuti mwana wa mlongo wawoyu wangotha miyezi isanu kuno. Anathawa nkhondo kumpoto kwa Mozambique, wapansi, mwana ali kumbuyo. Zigawenga zinatentha mudzi, sukulu ndi chipatala tsiku limodzi. Mwamuna wake anatsala komweko, m'manda. Chibwerereni salankhula zambiri, anatero mkuluyo, ndipo zimene anaona kumeneko sauza munthu.

Mavis chisoni anamva, koma chisoni sichiwonjezera magazi. Matenda a Safina iye anali atawadziwa kale. Anamapopa. Chaka chija mphekesera za anthu opopa magazi zitavuta m'maboma a kuno kummwera, anthu ankathawa akangoona yunifomu yoyera, ndipo mpaka lero alipo amene akaona singano amaona mfiti. Zizindikiro zonse zinalipo. Mayiyu ankangokhalira kufinya mfundo ya pakona ya chitenje chake, momwe mosakayika munali chithumwa. Ankatsegula chikope cha mwana n'kusuzumiramo. Ankaika dzanja pachifuwa pake, maso ali pa wotchi ya pakhoma, milomo ikugwedera ngati wolodza. M'mawa anachita kufika poigwiragwira diripi, mpaka Mavis anamumenya dzanja.

Azimayi a mabedi oyandikana nawo anayamba zawo. Wina anati umbuli ndi matenda. Wina anati anthu ena Mulungu amangowataira ana. Safina anamva zonse. Anayang'ana a Habibu, anayang'ana azimayiwo, n'kuweramitsa mutu.

Cha m'ma thuu koloko Yesaya anasiya kuyankha akamuitana dzina.

Apa Mavis mtima unamuthawa. Anamuuza Safina mosabisa kuti iyeyo wapereka magazi kasanu konse, gulu lake ndi O lothandiza aliyense, ndipo palibe namapopa anamudyapo. Si uyu ali chilili, wonenepa bwino? Anamuuza kuti aitana apolisi. Anamuuza kuti mwanayu akapita, asadzanamizire nkhondo, chifukwa nkhondo yatsala kutali, pano wakupha ndi mayi wake.

Safina misozi inangoti mbwee, koma mikono sanatulutse.

"Anesi, magazi anga ayi," anatero m'Chinyanja chake chodukaduka. "Chonde. Ena."

"Ena ati? Mukuwaona ena pano?"

Mavis anamugwira pamkono n'kumukokera kukachipinda kotengera magazi, kumapeto kwa wodi. Anatseka chitseko, n'kumukankhira pampando. Kunja kuja mwana ankatha. Anatenga lamba womangira pamkono, lamba n'kugwa. Anatola, anamanga mopotoka.

Safina anayang'ana chitseko. A Habibu kunalibe, azimayi aja kunalibe. Anamasula lambayo ndi dzanja limodzi, mwachangu ngati munthu womasula chake, kenaka anayamba kulimbana ndi mfundo ija ndi mano.

"Zithumwa zanuzo muno ayi," anatero Mavis.

Patebulo panagwa zinthu zitatu. Kakiyi kakang'ono. Chiphaso chopserera m'mbali, chokhala ndi chithunzi cha Safina atavala yunifomu yoyera ndi kachipewa ka unamwino. Ndi kachipangizo koyezera kachilombo ka HIV, komwe Mavis amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Mizere inali iwiri, kusonyeza kuti kachilomboko kalipo.

Mavis anatola kachipangizoko n'kukayang'anitsitsa.

"Singano sindiopa, anesi. Ndabaya anthu zaka khumi ndi ziwiri," anatero Safina motsitsa mawu. "Tsiku lija zigawenga zinatigwiririra ife anamwino atatu. Mankhwala akumwa asanathe masiku atatu, oti akananditeteza, kiyi wa kabati yake ndi ameneyo. Kabatiyo inapsa ndikuona. Malume sadziwa."

Anapukuta misozi ndi chitenje, anadzuka pampando paja, n'kutola lamba.

"Mwana akupuma ka sikisite pa mphindi, ndakhala ndikuwerenga. Mwati ndinu O? Khalani apa. Ndikubayani ndine."