Mapesi Panthambi

"Taonani m'mwambamo, bwana," anatero woyeza malo, akuloza mapesi ouma amene anakodwa panthambi ya mtengo, pamwamba kuposa denga la nyumba. "Mapesi sakwera okha mumtengo. Anawasiya pamenepo ndi madzi osefukira. Mlatho ukakokoloka, kuno sikufika ngakhale ambulansi."

Wogula maloyo anafunsa modekha kuti madziwo amabwera kangati.

"Sizidutsa zaka zitatu."

Woyezayo anapinda mapu ake, akudzitama mumtima kuti wapulumutsa banja lathunthu. Koma bwanayo anapita kugalimoto natsegulira chitseko mayi wokalamba woyendera ndodo.

"Tsikani, apongozi. Katswiri wavomereza. Kanyumba kanu timanga pompano, mupumuleko phokoso la m'tauni."

Mayiyo anagwira dzanja la woyezayo ndi manja awiri. "Mulungu akudalitse, mwanangu."

Woyezayo anayang'ana bwanayo, kenaka anayang'ana pansi. "Zikomo, mayi."