Kamodzi Kokha, Usandimvere

Mahatchi atangodutsa mamita 400 oyamba pabwalo la mpikisano wa mahatchi la Greyville, Perumal anadina wotchi yake. Masekondi 26.

"Awa akuthamanga kapena akuperekeza maliro?" anaseka Zondi, mnzake wapabenchi, samusa ili m'kamwa.

Perumal sanaseke. Sabata yonse anakhalira kuwerengera liwiro la mahatchi awiri olusa a mumpikisanowu, ndipo m'mawa anamugwira paphewa mwana wake wamkazi Kamini, yemwe ankakwera hatchi ina mumpikisanowo, n'kumulangiza. "Awiriwa akalimbirana kutsogolo mpaka mpweya kuwathera. Iwe ukakhale kumbuyo. Usakasunthe usanafike pokhota pomaliza, wamva?"

Koma imodzi mwa mahatchiwo inapunthwa potuluka pageti poyambira mpikisano. Inzakeyo tsopano inali yokhayokha kutsogolo, ikuyenda mwachifatse, ikusunga mphamvu zonse. Hatchi yotere ukaichedwera suipezanso.

Pamzere wakutsogolo, mwini hatchi imene Kamini anakwera anatembenuka n'kumuyang'ana Perumal, osaphethira. Anali atanena kale kuti mtsikanayo akaluza lero, asadzapondenso kukhola kwake.

Kutsidya kwa bwalo, kajekete kobiriwira ka Kamini kanali chikhalire kumbuyo, m'mbali mwa mpanda. Kamini anali atakoka zingwe ndendende monga anauzidwira. Chibadwire sanatsutsepo mawu a bambo ake.

"Achimwene, milomo ikunjenjemera chonchi bwanji?" anafunsa Zondi, kuseka kutamuthera. "Mwayamba mapemphero?"

Mahatchi anayandikira pokhota. Perumal anafinya wotchi ija mpaka zala kuwawa.

"Kamini mwanangu," ananong'ona, "kamodzi kokha kano, usandimvere."